Chifukwa chake amayi ankabanikabe atawaikira valavu yatsopano

Patapita milungu 6 chiwaikireni amayi anga valavu yatsopano ya mtima, ndinawapeza usiku atakhala tsonga pabedi, atatsamira mapilo atatu, akupuma mwawefuwefu ngati munthu amene wangomaliza kukwera chitunda. Amayi si munthu wodandaula, choncho sananene kuti akuvutika, koma anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, paja anati akonza. Nanga chikundibanikitsachi n'chiyaninso?" Ine ndaphunzitsa fizikisi kwa zaka zambiri, ndipo mmene madzi amayendera m'mapaipi ndi nkhani imene ndakhala ndikuifotokozera ana a sukulu chaka ndi chaka, koma usiku umenewo ndinasowa chowayankha. Yankho ndinadzalipeza pang'onopang'ono, mbali ina kwa dokotala wa mtima amene amawaona, mbali ina powerenga, ndipo chinandichititsa manyazi n'chakuti gawo lalikulu la yankholo linali m'phunziro langa lomwe.

Valavu yatsopanoyo, yotchedwa aortic, inalibe vuto ndipo inkagwira ntchito bwino lomwe. Vuto linali pa valavu yoyandikana nayo, yotchedwa mitral, imene mkombero wake unali utauma ndi kashiamu kwa zaka zambiri popanda kuchititsa chilichonse chodetsa nkhawa.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyang'ane mbali yakumanzere ya mtima yokha. Magazi akatenga mpweya m'mapapo amafikira m'chipinda cham'mwamba, chimene madokotala amachitcha left atrium. Akachoka mmenemo amadutsa pa valavu ya mitral n'kutsikira m'chipinda cham'munsi, left ventricle, chimene chili ndi minofu yochindikala ndipo ndicho chimapopera magazi m'thupi lonse. Chipindachi chikafinya, valavu ya mitral imatseka kuti magazi asabwerere kumene achokera, pamene valavu ya aortic imatseguka kuti atulukire mumtsempha waukulu wa aorta. Choncho chipinda chopopachi chili ndi makomo awiri, lolowera ndi lotulukira, ndipo palibe dontho limene lingatuluke pa khomo lachiwiri lisanadutse pa loyamba. Kwa munthu wamkulu amene wangokhala, magaziwo amakhala pafupifupi mamililita 70 pa kugunda kulikonse, kapena malita 5 pa mphindi imodzi. Nkhani yonse yagona pa mfundo yakuti makomo awiriwa ndi ondondozana: chilichonse chimene chasintha kuchuluka kwa magazi odutsa pa khomo limodzi chasinthanso kuchuluka kwa magazi odutsa pa linzake.

Valavu ya aortic ya munthu wathanzi ikatseguka imasiya mpata wa masikweya sentimita 3 mpaka 4. Mpatawo ukatsika kufika pa sikweya sentimita 1, ndipo kusiyana kwa pulesha pakati pa chipinda chopopa ndi mtsempha wa aorta kukafika 40 mmHg (muyezo womwewo umene amayezera BP), madokotala amati matendawo ndi aakulu. Kusiyana kwa pulesha kumeneku, pakati pa mbali ino ya valavu ndi mbali inayo, amakutcha gradient, ndipo ndi mawu amene ndiwatchule kawirikawiri. Amayi, amene ali ndi zaka 79, anali ndi mpata wa 0.7 ndi gradient ya 46, ndipo ankachita chizungulire akangoyenda pang'ono. Kusintha valavu yotereyi si zachilendo. Dwight Harken wa ku Boston anaika valavu yochita kupanga pamalo a aortic mu 1960, chaka chomwechonso chimene Albert Starr ndi Lowell Edwards anapambana ndi valavu yawo pamalo a mitral, ndipo kwa zaka zoposa 40 njira inali imodzi yokha, yong'amba pachifuwa. Pa 16 Epulo 2002, Alain Cribier wa ku Rouen m'dziko la France anakhala woyamba kuika valavu ya aortic mwa munthu poidutsitsa m'mitsempha ndi kachubu, njira imene lero imatchedwa TAVI. Amayi anawachita imeneyi, kachubuko n'kulowera m'mphechepeche, ndipo patatha masiku ochepa anatuluka m'chipatala.

Pa pepala la zotsatira za sikani ya echo, yojambula mtima ndi mafunde a mawu, imene anawajambula opaleshoni isanachitike panali mzere umodzi umene ine ndinaudumpha, chifukwa maso anga onse anali pa manambala a valavu ya aortic. Mzerewo unkati mkombero wa valavu ya mitral unali ndi kashiamu wambiri, ndiponso kuti gradient yake inali 4 mmHg mtima ukugunda maulendo 68 pa mphindi. Dokotala anaitchula nkhaniyo, ndikuvomereza, ndipo ananena kuti adzaiyang'ananso pambuyo pake, koma nambala ya 4 ikaikidwa pafupi ndi 46 imaoneka ngati yachibwana, ndipo ine ndinaiiwala tisanatuluke n'komwe m'chipindamo.

Valavu ya mitral ili ndi timapiko tiwiri, kakutsogolo ndi kakumbuyo, ndipo dzina lake linachokera ku chisoti cha bishopu chimene chimaoneka chimodzimodzi. Timapikoti tinamera pa mkombero wa minofu yolimba koma yofewa mokwanira kupindika, moti pa kugunda kulikonse mkomberowo umachepa ndi kukula, kuthandiza valavu kutseka ndi kutseguka. Munthu akamakalamba, kashiamu amatha kuyamba kuundana mumkomberomo, kawirikawiri kuyambira mbali yakumbuyo, mpaka kupanga chinthu cholimba ngati mwala chooneka ngati chilembo cha C, ndipo kwa ena chimazungulira mkombero wonse. Madokotala amakutcha mitral annular calcification, mwachidule MAC, ndipo Bönninger wa ku Germany anali atakufotokoza kale mu 1908. Kumapezeka kwambiri mwa okalamba, makamaka akazi, mwa odwala impso kwa nthawi yaitali, odwala shuga, a BP yokwera, ndi amene anawotchedwapo pachifuwa ndi radiation pochiza khansa. Amayi atamva mawu oti kashiamu anaganiza kuti mwina ndi zimene akhala akudya, koma si choncho. Ndi ntchito ya maselo a pamalopo amene, atavulazidwa ndi kukokedwa kwa zaka zambiri, amayamba kuchita ngati maselo opanga fupa.

Kuuma kumeneku n'kosiyana ndi matenda a valavu ya mitral amene ambiri anawazolowera, a rheumatic, amene amayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana. Pa matenda a rheumatic timapiko timamatirirana m'mbali ndi kunsonga, ndipo mpata wochepawo umakhala kumapeto kwa valavu ngati kukamwa kwa nsomba. Pa MAC nsonga za timapiko zimakhala zomasuka ndipo sizimatirirana. Chimene chimauma ndi patsinde, pamene pali ngati mahinji a chitseko, ndipo kashiamuyo akamakwera kulowa m'timapiko, njira ya magazi imasanduka kangalande kolimba. Kusiyana kumeneku kumasintha kayezedwe ndi kachizidwe komwe, monga tionere kutsogoloku.

Si mwangozi kuti munthu wa valavu ya aortic youma amapezekanso ndi mkombero wa mitral wouma. Zoyambitsa zake ndi zofanana, ndipo mavalavu awiriwa ndi olumikizana ndithu, chifukwa kapiko kakutsogolo ka mitral kanalendewera pa kansalu ka minofu komwe kamagwiranso mbali ina ya valavu ya aortic. Kuwonjezera apo, khomo lotulukira likachepa, chipinda chopopa chimafinya ndi pulesha yaikulu kuposa kale, ndipo pulesha yonseyo imamenya pa valavu ya mitral yotsekayo maulendo pafupifupi 100,000 tsiku lililonse. Ofufuza a pachipatala cha Cedars-Sinai ku Los Angeles anafalitsa mu 2017 zotsatira za odwala 761 amene anachitidwa TAVI, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka anali ndi MAC. Amene kuumako kunali kwakukulu ankamwalira mochuluka kuposa anzawo, ndiponso ankafunika kwambiri kuikiridwa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda.

Tsopano nayi fizikisi imene ndinayenera kuikumbukira usiku uja. Madzi akamadutsa pa bowo lolimba losatanuka, pulesha yofunika kuwakankha siikwera mofanana ndi kuchuluka kwa madziwo, koma imakwera ndi sikweya yake. Mukawirikiza kawiri madzi odutsa pa sekondi, pulesha imawirikiza kanayi. Mukawirikiza katatu, imawirikiza maulendo 9. Richard Gorlin ndi bambo ake, amene anali injiniya, anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi mu 1951 popanga njira yowerengera kukula kwa mpata wa valavu, ndipo makina a echo a masiku ano amagwiritsa ntchito lamulo la Bernoulli lofupikitsidwa: liwiro la magazi, m'mamita pa sekondi, mulichulukitse ndi ilo lomwe, kenako muchulukitse ndi 4, ndipo mwapeza gradient mu mmHg. Liwiro la mita 1 pa sekondi limapereka 4, la mita 1.5 limapereka 9, la mamita 2 limapereka 16. Choncho gradient payokha sinena kukula kwa bowo. Imanena za bowo ndi magazi amene akudutsapo pa nthawi imeneyo, zonse ziwiri pamodzi.

Apa ndi pamene valavu ya aortic yodwala imabisira inzake. Khomo lotulukira likakhala lopanikiza, mtima umatulutsa magazi ochepa, ndipo odwalawo amakhalanso atasiya okha kuyenda ndi kugwira ntchito, moti thupi silifuna zambiri. Magazi ochepa omwewo ndi amene amadutsa pa valavu ya mitral, ndipo popeza ndi ochepa, gradient yake imaoneka yaing'ono ngakhale khomolo litachepa ndithu. Valavu yatsopano ikaikidwa, chopinga chakutsogolo chimachoka m'mphindi zochepa chabe, mtima umayamba kutulutsa magazi ambiri, wodwala amayamba kuyenda, ndipo khomo lolowera, limene silinasinthe ngakhale pang'ono, limafunsidwa kudutsitsa magazi amene silinawadutsitse kwa zaka. Kubisana kumeneku kumachitikanso mobwerera. Valavu ya mitral ikakhala yochepa kwambiri, chipinda chopopa sichidzaza, magazi otuluka amachepa, ndipo gradient ya aortic imatsika pansi pa 40 ngakhale matenda a valavuyo ali aakulu. N'chifukwa chake madokotala amayezanso kuchuluka kwa magazi a pa kugunda kulikonse molingana ndi kukula kwa thupi, ndipo akapezeka ochepera mamililita 35 pa sikweya mita ya thupi, sakhulupirira gradient iliyonse popanda kuifufuza.

Palinso nkhani ya nthawi, imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse kwa munthu amene akusamalira wodwala kunyumba. Magazi amadutsa pa valavu ya mitral pokhapokha chipinda chopopa chikamasuka, pakati pa kufinya kumodzi ndi kwina. Mtima ukamagunda maulendo 75 pa mphindi, kugunda kumodzi kumatenga masekondi 0.8, ndipo pafupifupi 0.5 ya nthawiyo ndi yomasuka. Mtima ukathamanga, nthawi yofinya imafupika pang'ono chabe, koma yomasuka ndiyo imadyedwa kwambiri, moti pa maulendo 120 imatsala pafupifupi kota ya sekondi. Kwa valavu yathanzi, imene mpata wake ndi masikweya sentimita 4 mpaka 6, zimenezi si kanthu. Kwa valavu youma, magazi omwewo ayenera kudzipanikiza pa khomo lochepa m'nthawi yochepa, liwiro lawo limakwera, ndipo sikweya ija imachita ntchito yake. Milungu yotsatira opaleshoni ndi nthawi imene zinthu zothamangitsa mtima zimachuluka: kuchepa kwa magazi, kutentha thupi, ululu, nkhawa ndi kusokonezeka kwa kagundidwe.

Titabwerera kuchipatala, echo inasonyeza valavu yatsopano ili bwinobwino, koma gradient ya mitral inali 9 mmHg, mtima ukugunda maulendo 98 pa mphindi, ndipo kuyeza magazi kunasonyeza kuti anali atachepa. Ndili pampando wodikirira ndinatenga cholembera n'kuyerekeza kuseri kwa pepala. Ngati magazi odutsa pa mphindi akwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndi 1.2; ngati nthawi yodzazira yachepa ndi gawo limodzi mwa asanu, liwiro liyenera kukwera ndi 1.25, ziwirizi mukazichulukitsa zimapereka 1.5, sikweya yake ndi 2.25, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 2.25 ndi 9. Manambala oyambawo ndinangowayerekeza, koma anandionetsa chinthu chimodzi momveka bwino, kuti gradient ingathe kukwera kuposa kawiri valavu isanachepe ndi milimita imodzi yomwe. Nditamuonetsa dokotala anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwaipeza nokha. Valavu ya agogo ndi yomwe ija, chasintha ndi katundu amene ikusenza."

Kuchokera pa 4 kufika pa 9 kungaoneke kochepa, koma pulesha imeneyi imaunjikana kumbuyo kwa valavu, m'chipinda cham'mwamba chimene makoma ake ndi opyapyala, ndipo pakati pa chipindacho ndi mapapo palibe valavu ina yotchinga. Komanso gradient siiyambira pa ziro. Chipinda chopopa chimene chalimbana ndi khomo lochepa kwa zaka zambiri chimakhala chitachindikala ndi kuuma, sichimasuka msanga, ndipo pulesha yake yodzazira imakhala yokwera kale; kuchindikalako kumatenga miyezi kuti kubwerere, ndipo mwa ena sikubwerera konse. Gradient ya mitral imasanjikika pamwamba pa pulesha imeneyo, ndipo zonse ziwiri pamodzi zikakwera mokwanira, madzi amayamba kuchucha kuchoka m'timitsempha kulowa m'mapapo. Munthu akagona chagada, magazi amene anali m'miyendo amabwerera kuchifuwa n'kuwonjezera vutolo, ndipo mapilo atatu a amayi aja anali chifukwa cha zimenezi. Zikakhalitsa, pulesha imakwera m'mitsempha ya m'mapapo, mbali yakumanja ya mtima imatopa ndipo miyendo imatupa. Chipinda cham'mwambacho chimatanukanso, ndipo chikatanuka chimagwa mosavuta m'kagundidwe kosokonezeka kotchedwa atrial fibrillation, kamene kamalanda wodwala zinthu ziwiri nthawi imodzi: mtima umathamanga, ndiponso kukankha komaliza kwa chipinda cham'mwamba kumatha, pamene kukankhako kumadzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chipinda chopopa, ndipo mwa okalamba kuposa apo.

Ndikanalemba nkhaniyi sabata imeneyo, ndikananena motsimikiza kuti kusintha valavu ya aortic kumaulula ndi kukulitsa vuto la mitral nthawi zonse, ndipo ndikanalakwa. Chitsanzo changa cha bowo losatanuka sichikwanira, chifukwa valavu youma si chitsulo. Timapiko touma timafuna mphamvu kuti titseguke, ndipo magazi akakhala ochepa satikankha mpaka kumapeto, moti mpata umene echo ikuyeza umakhala wochepa kuposa umene valavuyo ingathe kupereka. Magazi akachuluka pambuyo pa opaleshoni, timapiko timatseguka kwambiri ndipo mpata umakula. Ofufuza a ku Mayo Clinic anasonyeza zimenezi mu 2019 m'magazini ya Circulation: mwa odwala amene ankaoneka kuti mavalavu onse awiri ndi ochepa mpata, pafupifupi theka anapezeka kuti mpata wa mitral wakula valavu ya aortic itasinthidwa, ndipo amene mpata wawo unakhalabe wochepa ndiwo zinawathera moipa kwambiri. Choncho odwala awiri amene mapepala awo akufanana opaleshoni isanachitike angathe kusiyana kotheratu pambuyo pake, wina kuchepa kwake kutakhala kwenikweni, wina kutakhala kongooneka. Chimene chimapereka chithunzi ndi kuchuluka kwa kashiamu ndi pamene wafika. Akakhala kuti wazungulira mkombero n'kulowa m'timapiko tonse tiwiri, chiyembekezo choti valavuyo idzamasuka yokha chimachepa.

Kuyeza kwake nakonso n'kovuta. Njira yotchuka yowerengera mpata wa valavu ya mitral imene Liv Hatle wa ku Norway anaikhazikitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, yogawa 220 ndi nthawi imene pulesha imatenga kuti itsike ndi theka, inapangidwira mavalavu a rheumatic, ndipo imasokonezeka chipinda chopopa chikakhala chouma, monga chimakhalira mwa odwala ambiri a MAC. Kashiamu amatchinganso mafunde a echo n'kusiya mthunzi kuseri kwake, moti woyeza saona bwino malire a mpata. Sikani ya CT ndiyo imaonetsa kashiamu momveka, ndipo popeza pafupifupi odwala onse a TAVI amajambulidwa CT pokonzekera, chithunzi cha mkombero wa mitral chimakhalapo kale kwa amene afuna kuchiyang'ana. Ine ndaphunzirapo kuti gradient ya mitral yolembedwa popanda kutchula kagundidwe ka mtima ka nthawi imeneyo ndi nambala yosakwanira, ndipo ndikaiona tsopano ndimafunsa.

Mkombero wouma umachititsanso vuto lina, la magazi obwerera. Valavu ya mitral ikalephera kutseka bwino, ena mwa magazi amathawira m'chipinda cham'mwamba pa kufinya kulikonse. Mwa odwala ambiri a valavu ya aortic, kuchuchaku kumabwera chifukwa cha pulesha yaikulu ndi kutanuka kwa chipinda chopopa, ndipo valavu yatsopano ikatsitsa pulesha, kuchuchako kumachepa kokha. Koma ngati choyambitsa ndi mkombero umene sungathenso kufinyika ndi timapiko togwidwa ndi kashiamu, kutsika kwa pulesha sikukonza chilemacho, ndipo kuchucha kumapitirira. Magazi obwererawo ayenera kudutsanso pa khomo lomwelo mtima ukamasuka, choncho amawonjezera katundu ndi kukweza gradient.

Pali chinthu china chosachitika kawirikawiri koma choopsa, chimene chimaoneka m'maola oyamba opaleshoni itangotha. Mwa odwala ena, makamaka amayi okalamba amene chipinda chawo chopopa ndi chaching'ono komanso chochindikala, kashiamu amakankhira timapiko ta mitral kutsogolo, kufupi ndi njira yotulukira magazi. Chopinga cha aortic chikachoka mwadzidzidzi, minofu imene inazolowera kulimbana ndi khomo lochepa imafinya mopitirira, ndipo kapiko kakutsogolo kamakokedwera m'njira yotulukirayo n'kuitseka. BP imagwa, ndipo chodabwitsa n'chakuti mankhwala olimbitsa kupopa kwa mtima, amene munthu angaganize kuti ndiwo ofunika, amangoipitsa zinthu. Chofunika ndi madzi a m'diripi ndi mankhwala odekhetsa mtima. Kashiamu akafalikira m'njira yotulukirayo amathanso kulepheretsa valavu yatsopano kukhala mothina, magazi n'kumachucha m'mbali mwake, ndipo popeza timitsempha tonyamula magetsi a mtima timadutsa chapafupi pomwepo, kuthinidwa kwake ndi kumene kumachititsa ena kufunika pacemaker. Amayi zonsezi zinawalambalala.

Ndinamufunsa dokotala funso limene aliyense angafunse: "Adokotala, bwanji simunakonze zonse ziwiri nthawi imodzi?" Yankho lake linandikhutiritsa, ngakhale silinandisangalatse. Baluni yotsegulira valavu ya mitral imene Kanji Inoue wa ku Japan anaifotokoza mu 1984, imene yathandiza anthu ambirimbiri a matenda a rheumatic, imagwira ntchito pong'amba pamene timapiko tamatirirana, ndipo pa MAC palibe pomatirirana poti ing'ambe. Opaleshoni yong'amba pachifuwa ndi yotheka, koma kusoka valavu pa mkombero wolimba ngati mwala n'kovuta, ndipo kugoba kashiamuyo kungang'ambe polumikizana zipinda ziwirizo kapena kuvulaza mtsempha wa circumflex umene umadutsa kuseri kwake. Njira yachitatu ndi yoika valavu ya kachubu m'kati mwa mkombero woumawo, kashiamuyo n'kukhala chogwirira, koma valavuyo ingakankhire kapiko kakutsogolo m'njira yotulukira magazi. Pa odwala 116 oyambirira amene Mayra Guerrero ndi anzake anawafotokoza mu 2018, oposa theka anali atamwalira chaka chisanathe, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti anali anthu odwalika kwambiri amene njira zina zonse zinali zitawakana, ndiponso kuti kasankhidwe ka odwala ndi luso zapita patsogolo chiyambire nthawiyo. Mankhwala osungunula kashiamu amene waundana kale palibe.

Poona zonsezi, ndikuganiza kuti madokotala anachita bwino kuyamba ndi valavu imene inkaopseza moyo, n'kudikira kuti inzakeyo idzionetse yokha magazi akayamba kuyenda mokwanira. Chimene ndikanakonda, ndipo ndikuchinena popanda kuimba mlandu aliyense, n'chakuti mzere uja wa pa pepala ukanafotokozedwa kwa ife ndi mawu olemera kuposa mmene unatchulidwira. Banja likauzidwa kuti valavu yakonzedwa, limamva kuti mtima wakonzedwa, ndipo kubanika kukabweranso limaganiza kuti opaleshoni yalephera kapena kuti ndi ukalamba basi. Ife tinataya pafupifupi milungu iwiri tikuganiza choncho.

Chithandizo chimene amayi analandira chinali chosavuta poyerekeza ndi zonse ndafotokozazi, ndipo chilichonse chinkalunjika pa mbali imodzi ya masamu aja. Anawapatsa furosemide, mankhwala okodzetsa, kuti madzi achoke m'mapapo, koma pamlingo wochepa, chifukwa chipinda chopopa chouma chimafuna kudzazidwa bwino ndipo chikaumitsidwa kwambiri BP imatsika. Anawapatsa ayironi kuti magazi abwerere, mtima usiye kuthamanga polipira kuchepako. Atayang'ana ECG, chithunzi cha magetsi a mtima, n'kutsimikiza kuti valavu yatsopano sinasokoneze njira ya magetsi a mtima ndiponso kuti panalibe atrial fibrillation, anawayambitsa bisoprolol pang'ono kuti mtima udekhe, nthawi yodzazira italike. Amayi atamva kuti akufuna kuwachedwetsa mtima anadabwa n'kufunsa kuti, "Mtima wofooka kale, muuchedwetsenso?" Dokotala anawayankha kuti, "Agogo, mtima wanu si wofooka ayi, ukungosowa nthawi yoti udzaze."

Patapita miyezi itatu echo inasonyeza gradient ya 6 mmHg, mtima ukugunda maulendo 64 pa mphindi, ndipo mpata wa mitral anauyeza kuti ndi pafupifupi masikweya sentimita 1.8, pamwamba pang'ono pa 1.5 pamene madokotala amayamba kunena kuti kuchepako n'kwakukulu. Choncho kuchepa kwa valavu ya amayi n'kwenikweni, si kongooneka, koma sikunafike poti munthu aike moyo pachiswe ndi opaleshoni ina. Kashiamu amawonjezereka pang'onopang'ono, ndipo adzajambulidwanso chaka chilichonse, kapena msanga ngati kubanika kwabwerera. Tsopano amagona ndi pilo imodzi. M'mawa uliwonse amadziyeza pasikelo ndi kuwerenga kagundidwe ka mtima pamkono, n'kulemba manambala awiriwo m'kabuku, ndipo tinagwirizana ndi dokotala kuti kulemera kukakwera ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu, kapena mtima ukayamba kugunda mothamanga ndi mosalongosoka iwo atangokhala, tisadikire tsiku limene anatilembera.